Uyu afa pompano: mafunso ndi mayankho pa za oulula mathero a filimu

Kuyambira pa Jenda mpaka ku Mzimba boma, kaya ndi ku Embangweni, ku Edingeni kapena ku Manyamula, palibe malo a malonda amene alibe munthu wake uja wodziwa filimu iliyonse. Amakhala pa benchi la kutsogolo, amayankha asanafunsidwe, ndipo mfuti isanalire iye wanena kale amene agwe. Ena amadana naye kwabasi. Ena filimu siwakomera akapanda kukhala naye pafupi.

N'chifukwa chiyani filimu ikafotokozedwa mwachidule imasanduka nthabwala, ngakhale ikhale yoliritsa?

Chidule chimasunga zochita n'kutaya zifukwa. Tengani Commando ya mu 1985, ya Arnold Schwarzenegger, imene nyumba zoonetsera vidiyo zinaizungulitsa mpaka tepi kuchita kutha mphamvu. Bambo wina amubera mwana wamkazi. Iye osapita kupolisi, osauza ngakhale amfumu, akukathyola sitolo ya mfuti usiku, akuba ndege ya eni ake, akupha asilikali odzaza chilumba, kenako akutenga mwana wake n'kumabwerera ngati akuchokera kuchigayo. Bodza palibepo apa. Zonsezi zilimo. Chachokapo ndi nyimbo zija zokweza mtima ndi nkhope ya mwana ali m'manja mwa zigawenga, zimene zinkatichititsa kuona kuti bamboyo akuchita zanzeru.

Titanic ya mu 1997 ndiye imavulala kwambiri. Mtsikana wotomeredwa akukwera sitima ndi bwenzi lake lolemera, akukopeka ndi mnyamata wopanda ndi tambala yemwe, amene anapeza tikiti potchova juga. Sitima ikumira, mtsikana akukwera pa thabwa, mnyamata akufera m'madzi ozizira. Patatha zaka 84, ali gogo, akuponya m'nyanja mkanda umene ukanalemeretsa mtundu wake wonse. Mufotokozereni chonchi mkulu wa ku Mzimba, funso lake loyamba likhala lakuti: nanga ng'ombe za mwamuna woyamba uja anabweza? The Gods Must Be Crazy ya mu 1980 nayo ndi nkhani ya munthu amene akuyenda wapansi masiku ambirimbiri kuti akataye botolo la Coca-Cola, botolo loti pa golosale akanalandira nalo dipoziti.

Azungu nawo amaseweretsa mafilimu awo motere. Mu 1998 mtolankhani wa ku California, Rick Polito, polemba ndandanda wa mapulogalamu a pa wailesi ya kanema anafotokoza The Wizard of Oz, filimu ya ana ya mu 1939, kuti ndi ya mtsikana amene atafika m'dziko lachilendo akupha munthu woyamba kukumana naye, kenako akugwirizana ndi alendo atatu kuti akaphenso wina. Kachidutswa ka nyuzi kameneko kakuzungulirabe pa intaneti mpaka lero.

Nanga n'chiyani chimene chidule sichingathe kunyamula?

Nthawi, nkhope ndi mawu. The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka pa Netflix mu 2019, mathero ake ali pa dzina lenilenilo, ndipo Mmalawi aliyense amadziwa kuti William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa aneba athu ku Kasungu, makina ake a mphepo anazungulira. Chidule chake n'chachifupi: mnyamata amuchotsa sukulu chifukwa cha fizi, akuwerenga buku la mulaibulale, akupempha njinga ya bambo ake, akupopa madzi, banja likupulumuka. Koma amene anaona njala ya 2001 ndi 2002 sakhala chete chifukwa cha makinawo. Amakhala chete pomwe banja likugwirizana zoti lizidya kamodzi pa tsiku, pomwe anthu akukanganirana pa depoti ya chimanga, ndi pomwe galu uja Khamba wagona osadzukanso. Zimenezi mukhoza kuzitchula m'chiganizo chimodzi, koma kulemera kwake kumachokera ku mphindi zimene mwakhala nawo anthuwo m'nyumba mwawo mukuona nkhokwe ikutha. Chidule sichingakuuzeninso mmene Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London, akulimbanirana ndi Chichewa m'filimumo, nkhani imene Amalawi anaikambirana kuposa za mphepoyo.

Kumbali ya zoseketsa ndiye kulibiretu chonyamula. Aki na Ukwa ya ku Nigeria, ya mu 2002, ndi ana awiri amwano ovutitsa bambo awo ndi mudzi wonse. Basi. Munthu sangaseke pamenepo. Chimene chinaseketsa Africa yense ndi diso la Osita Iheme akamayang'ana munthu wamkulu kuchokera pansi, ndi mmene Chinedu Ikedieze amayankhira mwaulemu wabodza. Yesani kufotokozera mnzanu za Mr Bean, mudzaona kuti pomaliza mwaimirira n'kuyamba kutsanzira.

Kodi kudziwiratu mathero kumawonongadi filimu, kapena timangokokomeza?

Akatswiri nawo sagwirizana. Mu 2011 Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld a pa yunivesite ya California ku San Diego anapatsa ophunzira nkhani zifupizifupi 12, zina za upandu, zina zokhala ndi mathero odzidzimutsa. Ena anawerenga atauzidwiratu mathero, ena osauzidwa. Chodabwitsa n'chakuti ouzidwiratuwo ndi amene ananena kuti asangalala kwambiri. Mu 2015 Benjamin Johnson ndi Judith Rosenbaum anachita kafukufuku wawo napeza zosiyana: nkhani yosaululidwa ndi imene inakoma. Choncho aliyense wofuna kupambana mkangano pa bawo ali ndi pulofesa wake womuikira kumbuyo.

Ine ndimaona kuti mafilimu ambiri amene timawakonda kuno alibe chinsinsi chilichonse choti n'kuwononga. Mwana wa sitandade 3 amadziwa lamulo lakuti sitero safa. Van Damme amenyedwa, atuluka magazi m'kamwa, agwa, akumbukira mphunzitsi wake, adzuka. Chuck Norris chimodzimodzi. Palibe analipirapo pakhomo kuti akaone ngati Bruce Lee apambane mu Enter the Dragon. Timalipira kuti tikaone mmene apambanire. M'mafilimu a ku Nigeria mukangoona Patience Ozokwor akulowa m'nyumba ya mwana wake ndi chikwama, mwadziwa kale kuti mpongozi alira mpaka Part 2, ndipo m'busa abwera kumapeto.

Alfred Hitchcock, katswiri wa mafilimu oopsa, anazifotokoza bwino pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962. Anthu awiri akucheza pa tebulo, pansi pake pali bomba. Oonera akakhala kuti sakudziwa, bomba likaphulika adzidzimuka kwa masekondi owerengeka, zathera pomwepo. Koma aonetseni bombalo poyamba, muwaonetsenso wotchi. Macheza opanda pake a anthu awiri aja asanduka ozunza mtima, ndipo woonera akhala akufuna kukuwa kuti thawani. Kudziwa ndi kumene kwabweretsa mantha. Shakespeare naye anachita zomwezo. Amene anawerenga Romeo and Juliet pokonzekera mayeso a MSCE akukumbuka kuti mizere 14 yoyambirira imaneneratu kuti achinyamata awiriwa afa, sewero lisanayambe n'komwe.

Zitsanzo zathu zilipo zoposa zimenezi. Filimu ya Yesu ya mu 1979, yotengedwa mu Uthenga wa Luka, yaonetsedwa pa mabwalo a sukulu ndi a tchalitchi m'dziko muno, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, pa chinsalu chomangirira ku mitengo iwiri, jenereta ikulira kuseri. Palibe ndi mmodzi yemwe pa bwalopo amene sadziwa za Lachisanu ndi za tsiku lachitatu. Koma misomali ikamakhomedwa amayi amafunda zitenje kumaso, ena amatukwana asilikali a Chiroma mokweza, ndipo manda akapezeka opanda kanthu nthungululu zimamveka mpaka kutsidya. Chigoli cha Gabadinho Mhango pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé tachionera kangati? Tonse tikudziwa kuti Morocco inabweza n'kupambana 2-1. Komabe mpira uja ukanyamuka patali paja, goloboyi wa Morocco Yassine Bounou akubwerera chafutambuyo, mtima umanyamuka nawo. Za nthano ndiye musanene. Ana amene amamvera vidokoni kwa agogo madzulo amadziwa kuti Kalulu apulumuka, ndipo agogo akalumpha gawo lina anawo ndi amene amawakumbutsa.

Ndiye kuti oulula mathero alibe mlandu?

Ali nawo, ndipo si wochepa. Pali mafilimu ena amene anamangidwa pa chinsinsi chimodzi, moti wolemba anathera luso lake lonse pokusocheretsani mwadala kuti akakudzidzimutseni kumapeto. Hitchcock yemwe uja, potulutsa Psycho mu 1960, analamula eni nyumba za kanema kuti filimu ikangoyamba asalowetsenso munthu, ngakhale akhale ndani. Sewero la Agatha Christie lotchedwa The Mousetrap linayamba kuonetsedwa ku London mu 1952, ndipo mpaka pano likatha mmodzi mwa ochita seweroli amapempha oonera kuti akatuluka asakauze munthu dzina la wakupha. Mu Epulo 2019 Anthony ndi Joe Russo analemba kalata yopempha dziko lonse kuti lisaulule za Avengers: Endgame. The Sixth Sense ya mu 1999, ya Bruce Willis, ili m'gulu lomweli, ndipo pano sitinenapo kanthu.

Filimu yotere imaoneredwa kawiri mosiyana. Ulendo woyamba mumapusitsidwa. Ulendo wachiwiri mumaona mmene anakupusitsirani, n'kumadabwa kuti zizindikiro zinali poyera chonchi koma simunazione. Wokuululirani wakulandani ulendo woyambawo, ndipo sangakubwezereni ngakhale apepese motani. Ophunzira a ku San Diego aja anafunsidwa ngati nkhani yawakomera. Sanafunsidwe ngati anavomera kulandidwa.

Chimene chimapweteka kwenikweni ndi cholinga cha wouzayo. Mnyamata amene amakuwa kumbuyo kuti "uyu wafwenge!" sakuthandiza munthu. Akufuna holo yonse idziwe kuti iye anaonera kale, kaya ku Mzuzu, kaya pa foni ya akulu ake a ku Joni. N'kudzionetsera basi, ndipo akudzionetsera pa ndalama ya mnzake amene wagulitsa mazira kuti alowe.

Nanga madijeyi omasulira mafilimu m'Chichewa, si oulula mathero olipidwa amenewa?

Funso ili limakonda kufunsidwa ndi anthu amene Chingerezi amachimva bwino. Kwa ambiri, popanda dijeyi filimu ya ku China, ku India kapena ku Korea ndi anthu ongothamangitsana popanda chifukwa. Dijeyi amatsitsa mawu a filimu, n'kuikapo ake. Amayankhulira mwamuna, mkazi, mwana ndi galu yemwe. Mzinda wa Hong Kong amausandutsa Limbe, mkulu wa zigawenga amamupatsa dzina la kumudzi, mpunga wa m'kambale ukhoza kukhala nsima ya kondowole, ndipo pakati pa nkhondo yoopsa amaima n'kulengeza nambala yake ya foni ndi malo amene mungakabenetse mafilimu ena. Nthawi zina zimene akunena n'zosiyana kutalitali ndi zimene wolemba filimu analemba. Zilibe kanthu kwa oonera, chifukwa filimu imene iwo akuidziwa ndi ya dijeyiyo.

Ntchitoyi si yachilendo pa dziko. Ku Japan, nthawi ya mafilimu opanda mawu, kunali anthu otchedwa benshi amene ankaima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza, ndipo otchuka monga Tokugawa Musei ankakoka anthu kuposa osewera a m'filimumo. Mkulu wake wa wopanga mafilimu Akira Kurosawa, Heigo, anali mmodzi wa iwo, ntchito yawo isanathe m'zaka za m'ma 1930 mafilimu atayamba kuyankhula okha. Ku Uganda kuli VJ Jingo ndi VJ Junior, ku Kenya kuli DJ Afro, ndipo ku Tanzania anthu amakumbukira Lufufu.

Dijeyi waluso amadziwa za bomba la pansi pa tebulo lija ngakhale sanamvepo za Hitchcock. Amakuuzani kuti mumuyang'anitsitse bambo wovala chipewayu, muzimukumbukira, basi n'kusiyira pomwepo. Wakuwonjezerani njala. Wosadziwa ntchito ndi uja amene filimu itangoyamba wanena kale kuti mkaziyu ndiye wapereka mwamuna wake, kapena amene amaopa bata moti pamene mayi akuyang'ana manda a mwana wake osayankhula, iye akuponyapo nthabwala ya matemba. Malo ena m'filimu anawasiya opanda mawu mwadala.

Ku Manyamula nkhaniyi ili ndi nsanjika ina. Mafilimu omasulira ambiri amabwera m'Chichewa cha m'tauni, chodzaza ndi mawu a achinyamata a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pamene pakhomo anthu amayankhula Chitumbuka. Ndiye madzulo pa khonde, ka wailesi ya kanema ka sola katayatsidwa, mupeza filimu ya Chitchaina, dijeyi akuimasulira m'Chichewa, mdzukulu akumasuliranso dijeyiyo. Agogo afunsa, "Kasi wafwa?" Mdzukulu ayankha, "Yayi agogo, wachali wamoyo." Pakapita kanthawi agogo aloza wina pa sikirini n'kugamula kuti ameneyo ndi munkhungu, kutanthauza wakuba, maso akewo akuoneka. Nthawi zambiri amalondola, ndipo palibe angawauze kuti akhale chete.

N'chifukwa chiyani kuno kufotokozerana mafilimu kuli ponseponse chonchi?

Chifukwa filimu yathunthu, yoyambira poyamba mpaka pomaliza popanda chosokoneza, yakhala ya anthu ochepa. Dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka 1999 pamene TVM inatsegulidwa. Nthawi ya Kamuzu mafilimu ankadutsa kaye m'manja mwa bungwe lounika zoonetsedwa, pansi pa lamulo la mu 1968, ndipo lumo likadutsa nkhani inkadumpha moti woonera ankadzaza yekha mipata. Mavidiyo atafika m'malo a malonda anabwera ndi mavuto awo: tepi yodyedwa ndi deki, dizilo kapena petulo wothera pakati pa nkhondo yomaliza, magetsi othima sitero atangolowa m'nyumba ya adani, CD yokalika imene imaima pa nkhope ya munthu atayasamula. Lero ndi memori khadi yochokera kobenetsa, imene ili ndi zigawo zonse za sewero la Jumong kupatula chimodzi chomwe mfumu ikufa. Kapena basi yochokera ku Lilongwe: kondakitala waika filimu ya ku Nigeria mutanyamuka pa Kasungu, inu n'kutsikira pa Jenda mkazi wachiwiri atangothira mankhwala m'ndiwo. Mudya bwanji nsima osadziwa amene anadya ndiwozo? Mufunsa basi. Pamenepo wouza mathero ndi mpulumutsi.

Ndiye pali ana a panja. Nyumba ya vidiyo ili ndi bolodi lakuda pakhomo, lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo ndi nthawi yake, chinsalu chakuda chotchinga khomo, mnyamata wolandira ndalama atakhala pa kampando, ndi sipika yopachikidwa panja kuti phokoso la zibakera liitane anthu kumsika. Ana asanu afika, ndalama ikukwanira mmodzi. Ameneyo alowa m'malo mwa onse. Anzake atsala akumvetsera sipika, wina diso lili pa kabowo ka msomali pa lata.

Mawa lake kubusa, ng'ombe zikudya m'dambo, wolowa uja abweza ngongole. Apa mpamene mungaone kuti chimene ana amachita si chidule ayi. Filimu ya ola limodzi ndi theka imatenga masana onse. Aimirira, avula malaya, asankha mnzake wochepa thupi kuti akhale mdani, aonetsa mmene mwendo unazungulirira, pakamwa pakutuluka kulira kwa mfuti, kwa helikoputa ndi kwa fupa lothyoka. Pamene sanamve Chingerezi apeka mawu akeake, ndipo amakhala okoma kuposa enieniwo. Akafika pa mathero palibe wodandaula kuti waululiridwa, chifukwa kwa anayi aja imeneyi ndiyo filimuyo. Ambiri mwa iwo akadzaionera yeniyeni atakula amakhumudwa pang'ono poona kuti adani anali ochepa kuposa mmene anamvera.

Achibale a ku Joni, amene m'boma la Mzimba pafupifupi mudzi uliwonse uli nawo, awonjezera zawo. Iwo amaonera Uzalo ndi Skeem Saam pa SABC1 tsiku lomwelo, ndipo ku South Africa nyuzi ndi masamba a pa intaneti amasindikiziratu zimene zichitike m'masewerowa mwezi wonse. Anthu amawerenga, n'kukaonerabe. Mlamu akaimba foni Lamulungu, nkhani ya ndalama ya feteleza ikatha, yotsatira ndi yoti ndani wawomberedwa ku KwaMashu, mu Uzalo muja.

Pakadutsa nthawi yaitali bwanji kuti munthu akhale womasuka kunena mathero?

Lamulo lake palibe, ndipo la ku America silingagwire kuno, poti filimu imene kwawoko yakalamba pa Manyamula ikhoza kukhala kuti yafika dzulo. Chimene chimagwira ntchito ndi funso limodzi lotchipa: mwaonera kale? Akati ayi, funsaninso ngati akufuna kumva. Ena amafunadi, makamaka amayi amene safuna kutaya maola awiri pa filimu yoti mwana afa kumapeto. Pa gulu la WhatsApp la anthu 200 simungafunse aliyense, choncho kumeneko ndi kongotseka pakamwa. Za Titanic zokha ndiye tamasukani. Sitimayo inamira mu Epulo 1912.

Ilipo filimu imene munthu sangathe kuiulula ngakhale atafuna?

Ilipo, ndipo inapangidwa ku Africa konkuno. Who Killed Captain Alex? inajambulidwa mu 2010 ndi Isaac Nabwana ku Wakaliga, dera la anthu osauka mumzinda wa Kampala, pa ndalama zosakwana madola 200. Mfuti zake anazipanga ndi zitsulo zotola ndi matabwa, helikoputa ndi ya pa kompyuta imene Nabwana analumikiza yekha, ndipo kope limene dziko lonse linaonera pa YouTube lili ndi mawu a VJ Emmie, amene amaseka osewera, kuwapatsa mayina, kulengeza dzina la filimu yomwe mukuonerayo, ndi kutsatsa ina imene ikubwera. Dzina la filimuyi ndi funso: anapha Captain Alex ndani? Mumaonera ola lathunthu, asilikali ndi gulu la Tiger Mafia akuthana, mchimwene wake wa malemuyo akumenya kung fu pofuna kubwezera, mzinda wa Kampala ukuphulitsidwa. Kenako filimu imatha, wakuphayo osatchulidwa.